Ndani Anatsegula Gasi wa Gertrud?

Ine Hinnerk Tietjen ndayendetsa galimoto m'misewu imene anzanga amangoiona pa mapu. Ndinadutsa mapiri a ku Morocco mabuleki akununkha, ndinagona pa chipale chofewa ku Finland, ndipo ku Portugal ndinatsika kamsewu kena kamene ngakhale mbuzi zimakakana. Konseko Gertrud, galimoto yanga yogonamo, sanakalikepo ngakhale penti. Ndiye tangoganizani kumene anakapsera: pa malo omwetsera mafuta a mumsewu wa ku Husum, kwathu kutangotsala pang'ono, masanasana, anthu akudya masoseji n'kumaonerera.

Ozimitsa moto atamaliza, mbali ya kumanja ya Gertrud inali bii, ndipo pampu imodzi inali itasungunuka ngati kandulo. Palibe anavulala, kupatula mlamu wanga Okke amene nsidze zake zinapita zonse. Mkazi wanga Frauke anali atakhala patali. Ine ndinali nditayamba kufotokozera anthu mmene ndinathamangira ndi chozimitsira moto pamene mayi wina wamfupi, wa jekete yotuwa, anandigwira pachigongono.

"Bambo Tietjen? Ndine Jessen, wapolisi wofufuza milandu. Galimotoyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, mayi, ndipo ndi ya thukuta langa. Ine ndinayamba ndi kangolo kokankha padoko, kugulitsa mabanzi a nsomba. Lero mabotolo a nsomba za Tietjen ali m'sitolo iliyonse kuyambira kuno mpaka..."

"Moto wayambira pa firiji," anandidula. "Mlamu wanu amathira petulo m'chigubu pafupi ndi timabowo topumira firijiyo, wina n'kutayikira pansi. Firiji inali ikuyaka gasi. Ozimitsa moto apeza silinda yanu ya gasi ili chitsegulire."

Ndinaseka mpaka ndinatsokomola utsi.

"Mayi, mukumudziwa amene mukulankhula nayeyu? Ine ndine wapampando wa bungwe la eni galimoto zogonamo m'dera lonse lino. Chaka ndi chaka ndimaima pamaso pa anthu n'kuwauza kuti: tseka gasi, kenako liza galimoto. Alipo ena m'bungwemo amene amati firiji ikhoza kumayaka gasi uli paulendo, eti masiku ano kuli tizipangizo totseka tokha ngozi ikachitika. Ine ndimawafunsa kuti nanga pa pampu? Nanga m'sitima ya pamadzi? Amangoti kukamwa yasa. Lamulo langalo ndinachita kulilembetsa pachitseko ndi penti yofiira."

"Ndaliona. Lapsa," anatero. "Tamverani. Amene anatsegula silinda ija ali ndi mlandu woyambitsa moto mosasamala pamalo a mafuta. Ndi mlandu wa kukhoti, ndipo ena amalowa nawo m'ndende. Pakali pano dzina limene ndili nalo ndi lanu, poti woyendetsa ndinu."

"Ndinatseka ndi dzanja ili ku Kristiansand, ku Norway, tisanakwere sitima! Wa m'sitimamo anamata tepi yawo yachikasu pa kachitseko ka gasi, ine ndikuona ndi maso angawa."

"Tiyeni mukaione tepiyo."

Kachitseko ka gasi kali kumanzere, kumene moto sunafike. Tepi inalipo, ikuoneka yathunthu. Mayi Jessen anaikankha pang'ono ndi cholembera, ndipo inagawika pakati. Inali itadulidwa bwinobwino motsata mng'alu wa chitseko, kenako n'kuisalaza ndi chala kuti isaoneke.

"Munali angati m'galimotomu?"

"Atatu. Ine, mkazi wanga, ndi mlongo wake uja."

Ndinatembenuka. Okke anali atakhala pa bokosi lake la nsomba, akudzisisita pamene panali nsidze. M'thumba mwake nthawi zonse mumakhala mpeni wosendera nsomba, wakuthwa ngati lezala. Mtima wanga unakhala m'malo. Tsiku limeneli ndinali nditalidikira zaka zambiri.

*

Mayi Jessen anabwereka kachipinda ka kuseri kwa sitolo n'kuitaniramo Okke. Anandiuza kuti ndidikire panja. Ine ndinalowa. Ku Tunisia ndinalowapo mu ofesi ya mkulu wa doko popanda kugogoda, ndiye kachipinda kodzaza makatoni a madzi kakanandiletsa chiyani?

"Mukalankhula kamodzi, mutuluka," anandichenjeza, n'kutembenukira kwa Okke. "Bambo Harms, petulo mumathira wa chiyani?"

"Wa injini ya bwato langa," Okke anayankha mozengereza monga mwa masiku onse, ngati mawu amachita kugula. "Ndinaona kuti tikhalitsa, ndiye ndinati bola ndichitepo kanthu. Alamu anga akalowa m'sitolo, munthu ukhoza kumeta, kusamba, n'kukwatira."

"Munataya?"

"Pang'ono. Dzanja lake ndi ili." Anakweza dzanja lamanja, lokulungidwa bandeji mpaka pamkono. "Mbedza inalowa apa, n'kutulukira apa. Kenako ndinamva ti, ti, ti, m'khoma la galimoto. Ndisanaganize kuti n'chiyani, phuu! Nsidze zanga za ubwana."

"Mufunseni za nsomba!" ndinakuwa. "Milungu yonse ku Norway anali pamadzi. Amafuna nsomba zake zifike zozizira, ndiye anadula tepi ndi mpeni wake uja!"

"Alamu, nsomba zanga zili m'bokosi langa, pa ayezi. Ine ndiike nsomba m'kafiriji kanu kaja? Kamene mumakatseka pa chilichonse? Mwinanso mumakatseka mukafuna kuyetsemula."

"Bambo Tietjen, ndinati kamodzi," anatero Mayi Jessen, koma sanandithamangitse. Anatenga botolo la madzi pa katoni n'kumupatsa Okke. "Tsegulani."

Okke analipana ndi mawondo n'kuyesa ndi dzanja lamanzere. Chivindikiro chinangomuseka. Anayesa ndi mano, n'kusiya.

"Limeneli ndi botolo la madzi chabe, mayi," anatero. "Silinda ija alamu anga amaimanga ngati akupotokola khosi la mdani. Ndi manja awiri omwe sindiitha."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa kwambiri chifukwa zinali zondiyamikira.

"Munadziwa liti kuti gasi ndi wotsegula?" wapolisiyo anafunsa.

"Kudziwa sindinadziwe. Koma ku Denmark tinaima pamalo opumira, dzuwa lili pamutu. Alamu anapeza anthu a ku Switzerland n'kuyamba kuwaphunzitsa mapiri a kwawo. Injini inazima kuyambira tisanamve njala mpaka titamva. Ndiye Frauke atatulutsa chakudya, mowa unali wozizira mpaka m'mano, batala akung'amba buledi. Ine mumtima ndinati, eya, mdalayu wayamba kuganiza."

Batala uja ndinamukumbukira. Ndinachita kudandaula kuti ndi wolimba.

Mayi Jessen anandiyang'ana. "Firiji ya mtundu umenewu, injini ikazima, imazizira ndi chiyani?"

"Gasi," ndinayankha.

"Ndiye kuti anatsegulidwa musanafike pamenepo. Ndipo si bamboyu."

*

Wotsatira anali Mayi Ketelsen, wogulitsa m'sitolomo, mayi wa tsitsi lofiira amene amalankhula ngati wina akumuthamangitsa.

"Ine ndinadziwa kuti kukhala mavuto atangolowa, mayi, chifukwa munthu wabwino amalipira n'kupita, koma awa anaona mabotolo awo a nsomba pashelefu n'kuyamba kuwasanja, eti ndinawaika molakwika, kenako ndani anawaphunzitsa kuthira viniga, kenako ngamila ina ku Morocco imene inawadyera chipewa, ndipo panja galimoto zikuliza mahutala, ine ndikuti bambo chotsani galimoto pa pampu, iwo akuti dikirani, apa ndiye pokoma."

"Panali pokomadi," ndinatero. "Ngamila ija..."

"Kamera ilipo?" anafunsa Mayi Jessen.

Inalipo. Tinaunjikana pa kakompyuta ka pakona. Ndinadziona ndekha ndikutsika, ndikuthira dizilo, ndikulowa m'sitolo. Ndiyenera kunena kuti pa msinkhu wanga ndimayenda bwino. Kachitseko ka gasi kankaoneka nthawi yonse, moyang'anizana ndi zenera la sitolo, ndipo palibe anakakhudza.

"Thamangitsani," anatero wapolisiyo.

Chithunzi chinathamanga. Galimoto zinkabwera n'kupita, Gertrud ali pompo. Kamera ya m'sitolo inkaonetsa ine, manja ali m'mwamba, ndikuyerekezera khosi la ngamila. Kenako Frauke analowa n'kundikoka malaya. Ndinamuchotsa dzanja osamuyang'ana. Anatuluka, anaima pafupi ndi kachitseko ka gasi, anayang'ana kuzenera kumene ndinali, n'kubwereranso kudzandikoka. Ndinamuchotsanso.

"Amafuna chiyani akazi anu?"

"Akazi amafuna kupita nthawi zonse, mayi. Ku Lisbon anandikoka ndili pakati pa..."

"Mwakhala pa pampu kupitirira theka la ola," anatero. "Inu monga mphunzitsi wa zimenezi, tandiuzani. Firiji yanu imasankha yokha mphamvu yogwiritsa ntchito?"

"Yokha. Injini ikamalira, imatenga magetsi a injini. Ikazima, imadikira kotala la ola isanayatse gasi, kuti ngati munthu waima pa pampu athire mafuta n'kuchoka. Ndimawauza anthu chaka chilichonse kuti asadalire zimenezo, chifukwa pali zitsiru zina zimene zimati zikaima pa pampu..."

Ndinalekeza pomwepo. Mayi Ketelsen anapinda manja pachifuwa n'kundiyang'ana mokhutira ngati wadya kale.

"Komabe!" ndinatero, ndikumenya katoni. "Silinda ikanakhala yotseka, firiji ikanangolira ti, ti, ti mpaka kutopa. Ine ndikhoza kulankhula mpaka Khirisimasi popanda chopsa. Funso likadali lomwe lija: anatsegula ndani?"

"Pamenepo tikugwirizana," anatero Mayi Jessen. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki. "Ichi chinali pansi pa silinda. Pali dzina lanu."

M'katimo munali kamphira kozungulira, kabuluu, kukula ngati chikhatho. Pakati panalembedwa kuti Tietjen, ndi chithunzi cha nsomba ikumwetulira. Timphira timeneti ndinapangitsa ndine, zaka zapitazo, n'kumagawira makasitomala kuti azitsegulira mabotolo olimba. Anzanga a malonda anandiseka, koma mpaka lero tili m'khitchini iliyonse ya m'mbali mwa nyanja ino.

"Ha! Ndiye mukuti ine?" ndinatero, ndikumuonetsa zikhatho. "Manja awa ananyamula migolo ya nsomba padoko! Ine sindinagwiritsepo kamphira chibadwire. Timeneti ndi ta anthu a zala zofooka, a nyamakazi, ngati..."

Kachiwiri tsiku limenelo pakamwa panga panatseka pokha.

"Ngati ndani, Bambo Tietjen?"

"Utsi wandilowa," ndinatero. "Ndikapume kaye."

*

Frauke anali atakhala pa kakhoma kuseri kwa malo otsukira galimoto. Pamiyendo anali ndi dengu lake la zoluka, chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho. Pamwamba pa ulusi panali kasizasi kake kakang'ono. Zala zake zinali zotupa m'mfundo.

"Frauke," ndinatero, "kamphira kako ka buluu kali kuti?"

Sanandiyang'ane. "Ndinatsegula gasi ku Hirtshals, titangotsika sitima ku Denmark. Iwe unali ukuphunzitsa munthu wa ku Holland kubweza ngolo chambuyo."

"Amalakwitsa!"

"Aliyense amalakwitsa, Hinnerk."

"Iwe? Mkazi wa wapampando? Umakhala kutsogolo ine ndikamaphunzitsa! Umawomba m'manja!"

"Ndimawomba kuti umalize."

Ndinazungulira kakhomako, ndinabwerera, ndinazunguliranso.

"Kamodzi kokha," ndinatero. "Undiuze kuti kanali koyamba."

Apa ndiye anadzutsa mutu.

"Ukuganiza kuti ku Morocco batala ankalimba chifukwa chokuopa? Firiji ija imazizira injini ikamalira. Iwe ukaima, injini imazima, pakamwa pako n'kuyamba kulira. Ulendo wathu woyamba ndinataya nyama, mkaka, tchizi, zonse, ndipo iwe unandikalipira kuti sindidziwa kusunga chakudya. Kuyambira pamenepo ndimatsegula. Tikamayandikira pampu kapena sitima ndimati ndikaone njinga kumbuyo, n'kukatseka. Sunadabwepo kuti njinga ziwiri zomangidwa ndi unyolo zimafuna kuonedwa kangati?"

Ndinkaganiza kuti amazikonda njingazo.

"Nanga lero?"

"Lero unakhota mwadzidzidzi poona mtengo wa dizilo. Ndipo unaimika kachitseko moyang'ana zenera. Ndinafika pomwepo, Hinnerk, kamphira ndinali nditakasiya m'katimo, kunali kungotsegula n'kupotokola. Koma iwe unali ukuyang'ana kunja, ukuonetsa mayi wa m'sitolo uja galimoto. Ndinati akandiona, ndimva ulaliki mpaka chaka chamawa, mwinanso andipereka ngati chitsanzo kubungwe. Ndiye ndinati bola ndikamukoke."

"Unaopa ine kuposa moto?"

"Moto umazima."

Ndakhala ndikutukwanidwa m'zilankhulo zambiri, ndi asilikali a m'malire, ndi oyendetsa malole, ngakhale ndi wansembe wina ku Poland. Palibe anandikhazikapo pansi. Apa ndinakhala pansi, pa kakhoma konyowa, buluku langa labwino.

"Pakanakhala mwana pafupi ndi pampu ija," anatero Frauke motsitsa. "Kapena Okke akanawerama pang'ono. Ndikukamuuza wapolisi uja. Ndine ndinatsegula."

Ndinamuona m'maganizo ataima m'khoti, ndi kachikwama kake ka Lamlungu. Frauke, amene sanalipirepo ngakhale chindapusa choimika galimoto polakwika, amene amaimba kwaya, amene akalandira chenji chopitirira amabwerera kusitolo mvula ikugwa. Ndinaona dzina lake m'nyuzipepala ya ku Husum, akazi a kwaya akuwerenga mokweza. Kenako ndinaona langa, ndi nkhope za adani anga a m'bungwe, aja a tizipangizo totseka tokha, akugawana mpando wanga ndi mowa. Zonse ziwiri zinandinyansa. Koma china chinandinyansa kwambiri.

Miyala inalira kumbuyo kwathu. Anali Mayi Jessen, kamphira kali m'manja, Okke akutsatira ndi bokosi lake.

"Mwapuma, Bambo Tietjen? Mumati ngati ndani?"

Frauke anaimirira. "Mayi, ine ndi..."

Pali zinthu zimene ndimatha kuposa munthu aliyense kumpoto kuno, ndipo chachikulu ndi kulankhula wina akulankhula.

"Ngati ine!" ndinabangula. "Kamphira ndi kanga, dzina ndi langa, nsomba ikumwetulirayo ndinajambula ndine! Frauke, khala pansi, wamwa utsi. Galimoto yanga palibe amaiwotcha koma ine mwini!"

"Hinnerk, usa..."

"Khala pansi, mkazi, kamodzi kokha undisiye ndimalize!"

Okke anatsamwa. Mayi Jessen anayang'ana zikhatho zanga, kenako zala za Frauke, kenako kasizasi ka m'dengu. Sanafulumire.

"Manja aja ananyamula migolo?" anafunsa. "Amene sanagwirepo kamphira chibadwire?"

Limeneli ndiye linali lowawa kuposa khoti.

"Akalamba, mayi."

"Mukudziwa kuti za wapampando zathera pomwepa?"

"Mpando wake ndi wolimba, umandipweteka msana."

Anapinda kapepala ka pulasitiki kaja pang'onopang'ono n'kukabwezera m'thumba.

"Amene anadula tepi sindinamuone," anatero. "Chimene ndaona pa kamera ndi woyendetsa amene anasiya galimoto pa pampu, osayang'ana gasi wake, atakokedwa malaya kawiri. Munthu ameneyo anali ndi mlandu kale. Mayi Tietjen, inu ndidzakufunsani tsiku lina, mukadzapuma. Bambo, nenani zimene munachita. Mwachidule, ngati n'kotheka."

Anthu atatu anandiyang'ana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankakhulupirira kuti n'kotheka. Ndinali ndi chiyambi chabwino kwambiri, chochokera padoko, pa kangolo kanga koyamba. Ndinayang'ana Frauke. Dzanja lake linali litafika kale pamalaya anga.

"Gasi anali wotsegula," ndinatero. "Ndinaima pa pampu. Ndinalankhula."

Mayi Jessen anadikira. Frauke anadikira. Kutali galimoto ina inaliza hutala.

"Basi?" anafunsa wapolisiyo.

"Basi."

Okke anaika bokosi lake pansi n'kudzigwira pachipumi posalala paja.

"Alamu," anatero, "mukanayamba m'mawa kulankhula chonchi, bwenzi ndili ndi nsidze."